Chipilala cha Kuseri kwa Mpanda

Ofesi ya oyeza malo ija inali ya zipinda ziwiri, pamwamba pa sitolo ya utoto, ndipo ukamakwera masitepe ake fungo la utoto linkakuperekeza mpaka pakhomo. M'chipinda choyamba munali tebulo lalitali lojambulirapo mapu, kabati yachitsulo imene chitseko chake chinkatseguka pokhapokha utachimenya ndi bondo, ndi miyendo ya makina oyezera itatsamira pakona. M'chipinda chamkati munkakhala mwini ofesi, bambo wa zaka makumi asanu ndi awiri, amene anayamba kuyeza malo nthawi imene tepi inali yachitsulo ndipo inkacheka zala. Mu dirowa ya tebulo lake munali chidindo. Pantchito imeneyi chidindo ndiye mwini nkhani: mapu angakongole bwanji, ngati sanadindidwe ndi kusainidwa ndi woyeza malo wa laisensi, ndi pepala wamba lokulungira misomali.

Bamboyu anabereka mwana mmodzi wamwamuna, koma tepi imene mwanayo anaikonda inali yoyezera m'chiuno mwa anthu. Anakhala telala, telala wabwino ndithu. Amene anakonda za mapu anali mkazi wa telalayo. Tsiku lina anabwera kudzasiya chakudya cha apongozi ake, naima kumbuyo kwawo akuwerengetsa, n'kuwauza mwaulemu kuti seveni amene analemba pamzere wachitatu anayenera kukhala wani. Kuyambira pamenepo sanachokenso mu ofesimo. Apongozi anamutcha Namapu, dzina n'kukanirira, moti ngakhale mwamuna wake ankamuitana choncho.

Zaka khumi zinadutsa. Namapu ndiye ankapita kukayeza, ndiye ankawerengetsa, ndiye ankajambula. Apongozi ankangoyendera ntchitoyo ndi maso, n'kugwedeza mutu, n'kudinda. Laisensi yokha ndiyo analibe, ndipo za mayeso ankangoti chaka chamawa, chaka chamawa, chifukwa cha ana ndi kuchuluka kwa ntchito. Kenako dokotala anawauza apongozi mosapsatira kuti maso awo akuzima pang'onopang'ono, ndipo palibe magalasi kapena mankhwala amene angawabweze. Bungwe loona za oyeza malo linawalola kusunga chidindo mpaka kutha kwa chaka chimenecho basi. Mayeso a laisensi ankalembedwa kamodzi pachaka.

"Namapu," anatero apongozi tsiku limenelo, atavula magalasi n'kuwaika patebulo, "ine sindine munthu wopempha zambiri. Ofesi ikatsekedwa itsekedwe, si yoyamba kutsekedwa. Koma satifiketi yanuyo ndikufuna ndiione ndi maso angawa asanaweruke."

"Muiona, bambo," anatero Namapu. "Chaka chomwe chino."

Ndipo anawerengadi, mabuku mpaka kukhitchini. Mayeso olemba anawakhoza moti mnzake wina anamufunsa ngati anameza makina owerengetsera. Kunatsala gawo lomaliza, limene ambiri ankaliyesa lophweka. Kalekale anthu oyamba kuyeza dzikolo anamanga zipilala za simenti m'malo osiyanasiyana, chilichonse ndi nambala yake, ndipo miyeso ya malire inkayambira pa zipilala zimenezi. Wolemba mayeso aliyense ankapatsidwa zipilala zisanu zoti akaziyendere, aone ngati zili bwino, ayeze kutalikirana kwake ndi zinthu zoyandikana nazo, alembe lipoti, kenako akayankhe mafunso pamaso pa oyesa atatu.

Zinayi anazimaliza m'sabata imodzi. China chinali paphiri, china m'mbali mwa njanji, china kuseri kwa thanki ya madzi, china pabwalo la sukulu pomwe ana anachisandutsa golo. Koma chachisanu chinali m'kati mwa mpanda wa mwini, panyumba ya geti lobiriwira, ya mayi wina mphunzitsi wopuma ntchito. Namapu atangoona nambala yake papepala, anaizindikira pomwepo.

Nyumbayo ankaidziwa. Mwezi wake woyamba pantchito, ali ndi changu cha munthu watsopano, anapeza getilo lili lotsegula n'kungolowa osaodira, poganiza kuti chipilala n'cha dziko lonse. Anakhoma chikhomo chachitsulo pansi, chikhomocho n'kuboola paipi ya madzi. Madzi anathovoka mpaka kunyowetsa zovala zonse zimene zinali zitauma pachingwe. Aphunzitsi anatuluka m'nyumba maso ali psu, oyandikana nawo akusuzumira pamipanda. "Kodi kwanu kulibe zitseko?" anafuula. "Anakulerani ndani inu?" Namapu anatola zida zake n'kuliyatsa liwiro la mtondo wadooka. Apongozi ndiwo anapita m'mawa mwake kukakonzetsa paipi ndi kupepesa. Iye sanapondekonso, ndipo kwa zaka khumi msewu umenewo ankaulambalala ngakhale njira inayo inali yotalika.

Atamuuza mwamuna wake, telalayo anachotsa mapini pakamwa n'kuseka. "Kagogodeni basi, Namapu wanga. Akakukalipirani, mawu satupitsa khungu. Ine tsiku ndi tsiku anthu amandikalipira kuti ndawachepetsera thalauza, chonsecho anenepa okha."

"Inu simunawamve mayi aja," anatero Namapu. "Mawu awo mpaka lero amandibwerera ndikamayanika zovala."

"Ndikuperekezeni?"

"Ayi, ndipita ndekha. Sindine mwana."

Loweruka m'mawa anapitadi, makina ali paphewa. Anaima pageti lobiriwira, nakweza dzanja kuti agogode. Dzanjalo linaima m'malere, kenako linatsika lokha. Manyazi ndi chinthu chodabwitsa. Mkazi amene anakwera phiri atasenza makina, amene sankaopa njoka m'tchire ngakhale eni malire olusa, analephera kugogoda kachitsulo kopyapyala. Anayang'ana uku ndi uku ngati wina wamuona, n'kuzungulira kuseri, kumene kunali kanjira kodutsa pakati pa mipanda.

Mpanda wa aphunzitsi unali wa waya, utayangidwa ndi maluwa, koma penapake panali mpata. Posuzumira anachiona chipilala chili chilili, chopakidwa laimu, pafupi ndithu ndi mpandawo. Mtima unakhala pansi. Kuti zaka khumi zapitazo chinalidi pafupi chonchi ndi mpanda, sanakumbukire. Za tsiku lija ankangokumbukira madzi ndi mawu. Oyeza malo ali ndi luso loyeza chinthu osachikhudza: umaimika makina pamalo awiri, n'kuloza chinthucho kuchokera uku ndi uku, masamu n'kukuuza chotsalacho. Luso limeneli analipangira mitsinje ndi maphompho, osati mageti a anthu. Namapu anataya maola atatu padzuwa, minga ikumukoka siketi, kugwira ntchito imene ndi tepi ikanatha pa theka la ola. Nambala ya chipilala anaiwerengera pagalasi la makina, najambula chithunzi pampata uja, n'kubwerera kunyumba wokondwa kuti wapulumuka.

Pomaliza masamu ndi pomwe panatuluka kanthu. Pepala lakale la miyeso ya chipilalacho, la m'kabati ya ku ofesi, linkati kuchokera pachipilala kufika pangodya ya nyumba pali mamita khumi ndi awiri. Iye anapeza khumi ndi asanu. Anabwereza katatu, osasintha. Apa ndiye panali pobwerera, ndipo mumtima ankadziwa. Koma munthu akafuna kuthawa geti, nzeru sizimusowa. Anadziuza kuti nyumba zimasintha, mwina anagwetsa khonde, mwina anafupikitsa chipinda. Mu lipoti analemba kuti chipilala chili bwino ndipo chili pamalo pake, koma nyumba ikuoneka kuti inasinthidwa mbali ina.

Apongozi sankathanso kuona manambala aang'ono, choncho lipotilo anawawerengera yekha. Pofika pa chachisanu anafulumiza mawu.

"Chachisanucho munachigwira?" anafunsa apongozi. Limeneli linali lamulo lawo kuyambira kale, loti chipilala sachipatsa moni wapatali, umachiika dzanja.

"Ndinachiona bwinobwino, bambo. Anachipaka laimu."

"Aphunzitsi aja akadali ndi ukali wawo?"

"Pakhomo pakuoneka posamalika," anatero Namapu, akusonkhanitsa mapepala amene anali osonkhanitsa kale.

Apongozi anamwetulira. Kwa zaka khumi mpongozi wawo anali asanawabisirepo kanthu, choncho sanafunsenso.

Tsiku la mafunso linafika. M'chipinda munali tebulo lalitali, madzi akumwa m'botolo, ndi oyesa atatu. Wapakati anali mayi wa imvi, wolankhula motsitsa. Pa zipilala zinayi Namapu anayankha osapunthwa, mpaka woyesa wina anasiya kulemba n'kumangomvetsera. Kenako mayi wa imvi uja anatsegula tsamba lomaliza.

"Pa chachisanu ichi, anakutsegulirani geti ndani?"

Namapu anayang'ana botolo la madzi.

"Mwalemba kuti nyumba inasinthidwa. Anakuuzani ndi eni nyumba?"

"Ayi, mayi."

"Ndiye kuti pakati pa nyumba ndi chipilala, inu munasankha kuti inayenda ndi nyumba."

Anatulutsa kalata yakale mu fayilo n'kuiyala patebulo. Zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo, mtengo unagwa ndi mphepo n'kuthyola chipilalacho m'munsi. Amuna awo a aphunzitsi, posafuna kuti chitayike, anaitana anthu kuti achiimike pambali pafupi ndi mpanda, ndipo analembera bungwe kalata kufotokoza zonse. Chizindikiro chenicheni, msomali wamkuwa wokhomedwa mu simenti pansi pomwe chipilala chinkaima, chinali chikadali pamalo pake.

"Chipilala chimenechi timachipereka dala," anatero mayiyo. "Aliyense wogogoda amauzidwa nkhaniyi asanakhale n'komwe pansi. Masamu anu aposa a onse amene tawaona chaka chino, sindikubisirani. Koma chidindo chimanena kuti ndinafikapo, ndinaona ndekha, ndikuchitira umboni. Wina akayeza malire kuchokera pachipilala chimenecho pokhulupirira lipoti lanu, mabanja awiri adana mpaka adzukulu chifukwa cha mamita atatu. Mudzabwerenso chaka chamawa."

Masana amenewo masitepe a ku ofesi anamutalikira. Anaima pakhomo la chipinda chamkati n'kunena zonse, kuyambira pomwe dzanja lija linatsika pageti mpaka yankho lokhota limene anawapatsa. Apongozi anamvetsera akutembenuza magalasi m'manja. Sanakalipe, ndipo kusakalipako ndiko kunamupweteka kwambiri.

"Munaopa chiyani, mwana wanga?"

"Manyazi, bambo. Palibenso china."

"Mukanandiuza ine, bwenzi titapita limodzi. Kupepesa ndimakudziwa, ndakalamba nako." Anapumira m'mwamba. "Chabwino. Mawa mundiperekeze. Ndikufuna ndikauone msomali umenewo ndikadali kuona."

M'mawa mwake anafika pageti lobiriwira, apongozi atagwira mkono wa mpongozi wawo. Anausiya mkonowo, nabwerera m'mbuyo pang'ono. "Gogodani," anatero. Namapu anagogoda katatu.

Anatsegula mayi wamfupi, wochepa thupi, manja ali ndi dothi la m'maluwa. Namapu ankakumbukira chimphona; amene anaima patsogolo pake sankamufika n'komwe paphewa. Mayiyo anawayang'ana onse awiri pamwamba pa magalasi, monga amachitira aphunzitsi ngakhale atapuma ntchito.

"Mwabwera tsopano," anatero. "Lowani. Koma paipi ikudutsa apo, muilambalale."

Apongozi anaseka, koma Namapu sanathe. Anaima pomwepo n'kuyamba kupepesa kumene kunachedwa zaka khumi. Aphunzitsi anamudula ndi dzanja.

"Loweruka lija ndinakuonani pawindo la kukhitchini. Ndinaona mutakweza dzanja pageti. Ndinathamanga kukamangirira galu, ndinaika ketulo pamoto, ndinatulutsa makapu awiri, aja a alendo. Ndikamasuzumiranso, muli kuseri, mukuyang'ana pampata ngati munthu wosirira nkhuku za eni. Madzi anawira mpaka kuphwera."

"Bwanji simunandiitane, amayi?" anafunsa Namapu, misozi ili m'maso.

Aphunzitsi anapukuta manja pa epuloni nthawi yaitali, ngakhale dothi linali litachoka kale. "Ndinafika mpaka pakhonde. Koma nanenso ndinali ndi zanga. Tsiku la paipi lija ndinali nditangochokera kuchipatala, atandiuza za matenda a bambo a m'nyumba muno. Ukali umene ndinalephera kumuonetsa dokotala ndinakukhuthulirani inu. Malemuwo mpaka kumapeto ankandinena kuti ndinathamangitsa mwana wa eni chifukwa cha zovala zonyowa. Ndinkati tsiku limene mudzagogode ndidzapepesa. Koma kuti ndiyambe ine kuitana munthu amene ndinamunyoza pagulu, pakamwa panalemera. Ndikanadziwa kuti ndi za mayeso, mwana wanga, ndikanafuula mpaka msewu wonse umve."

Anawatsogolera pakati pa maluwa, pomwe panali beseni lakale lovundikira. Atalichotsa, panaoneka simenti yosesedwa bwino, ndipo pakati pake msomali wamkuwa ukunyezimira. Aphunzitsi anati amaupukuta mwezi ndi mwezi, chifukwa amuna awo anawasiyira ntchito imeneyo pamodzi ndi galu. Apongozi anagwada movutikira, nayandikitsa nkhope mpaka mphuno inatsala pang'ono kukhudza simenti. Anati akuona kuwala kokha. Kenako anausisita ndi chala, mofatsa, ngati akusisita mutu wa khanda.

"Tulutsani tepi," anatero.

Namapu anaika tepi pamsomali, aphunzitsi natenga mbali inayo mpaka pangodya ya nyumba, akufunsa ngati akoke kwambiri kapena pang'ono. Kuyezako sikunatenge n'komwe mphindi ziwiri.

"Khumi ndi awiri," anatero Namapu motsitsa.

"Mwaona?" anatero aphunzitsi. "Nyumba yanga sinayende."

Anaseka onse atatu, Namapu akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Tsiku limenelo ketulo inawira ndipo makapu anali atatu. Anakhala pakhonde mpaka dzuwa linafika pamutu, apongozi ndi aphunzitsi akupikisana kudandaula za maondo.

Koma chaka sichibwerera m'mbuyo chifukwa choti anthu agwirizana. Kutha kwa chaka apongozi anabweza chidindo, telala anakwera pamakwerero n'kuchotsa chikwangwani cha ofesi, ndipo Namapu anakagwira ntchito ku ofesi ina, pansi pa woyeza malo amene iye anamuphunzitsa kugwira tepi. Sanadandaule. Loweruka lililonse ankadutsa pageti lobiriwira, osalambalala, ndipo zipilala zisanu za chaka chotsatira anazigwira zonse ndi dzanja, pakhomo lililonse akuyamba waodira. Mayeso anakhoza popanda wotsutsa.

Satifiketi anaibweretsa kunyumba m'mawa wina, apongozi atakhala pakhonde akuothera dzuwa. Pofika nthawi imeneyo ankazindikira anthu ndi mayendedwe okha. Anatambasula manja onse awiri n'kuilandira. Anaisisita m'mphepete, napeza pamene panali chidindo chotupa cha bungwe, chala n'kuima pamenepo.

"Ndiwerengereni," anatero.

Namapu anawerenga mzere ndi mzere. Pofika padzina lake mawu anamuthera, mwamuna wake, amene anali ataima pambali, n'kumalizitsa.

"Dzina alilemba bwino?"

"Alilemba bwino, bambo."

"Nanga zilembo zake n'zamtundu wanji?"

"Zakuda. Koma m'mphepete monse muli mzere wagolide."

"Wagolide," anatero apongozi, akugwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndiye kuti ndi yokongola. Ine yanga inalibe golide." Anafufuza dzanja la mpongozi wawo n'kuligwira. "Mwachita bwino, Namapu. Musalire, mukunyowetsa pepala."

Koma Namapu analira ndithu, chifukwa ankadziwa kuti bambo amene sanamupemphepo kanthu anamupempha chinthu chimodzi, ndipo chinthucho chinatayika pakati pa dzanja lake ndi geti limene kuseri kwake kunali ketulo pamoto. Satifiketi inafika, koma woiyembekezera anaiona ndi zala. Akulu akale sananame pomwe anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.